Ukati Ndakhuta, Akumve

Balbriggan, Lachiwiri masana

Tadala mwananga,

Wapita kutauni kukatsanzikana ndi anzako, abambo ako ali kulaibulale kukasaka ntchito pakompyuta monga amachitira chitsekereni kampani yawo ija ya ku Santry, ndiye ndatsala ndekha ndi masutikesi ako awiri. Ndinapempha tsiku kuntchito kuti ndikulongedzere katundu, koma wandimana ntchito, walongedza wekha chilichonse. Choncho ndakhala patebulo lakukhitchini kuti ndikulembere. Ukundidziwa, ndikayamba kulankhula pamaso ndimapsa mtima kapena ndimalira, iwe n'kuyankha Chingerezi chothamanga, ine n'kusowa pogwira. Pakalata sundidula mawu. Uiwerenge uli m'ndege, poti akuti ulendo wa ku Perth ndi wa tsiku lathunthu ndi kachidutswa.

Nkhani yanga ndi imodzi. Ukukakhala m'nyumba mwa amake Dalitso, apongozi ako a mawa, mpaka tsiku la ukwati, ndipo mayiwo sakudziwa kuti miyezi isanu ndi itatu yapitayi unachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu. Dalitso akudziwa, koma unamulumbiritsa kuti asanene. Amayi akewo anachoka kuno ku Dublin kupita ku Perth iwe uli ndi thupi lako lakale lija. Mkuja uno adzakuona pabwalo la ndege utatsala theka, ndipo chinthu choyamba chimene adzachite ndi kukupakulira. Iwe, pofuna kuti akukonde, udzadya. Ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Ndikudziwanso amene anakuphunzitsa kubisa nkhaniyi: ndine. Ndiye ndilole ndifufute ndekha zimene ndinalemba mumtima mwako.

Ndiyambire kusikelo, nkhani imene sindinakuuzepo. Uli ndi miyezi isanu ndi inayi, tikukhala ku Ntcheu, unatsegula m'mimba milungu iwiri mpaka unatsala mutu ndi maso. Nditapita nawe kusikelo anakupachika pakakabudula kaja, nesi n'kuyang'ana khadi, n'kundiyang'ana ine. Kenako anaikweza khadiyo m'mwamba kuti amayi onse pamzere aone mmene mzere wako ukutsetserekera. Anati, "Mayi, mwanayu mumamudyetsa kapena mumangomuonetsa chakudya?" Ena anaseka, ena anandimvera chisoni, ndipo chisonicho ndicho chinandiwawa kwambiri. Ndinabwerera kunyumba wapansi iwe uli kumsana, wopepuka ngati mtolo wa zovala zokachapa, ndikulumbira kuti palibe adzanenenso kuti mwana wa ine ndi woonda. Phala la nsinjiro, la majarini, la dzira. Ukatseka pakamwa ndinkakugwira mphuno n'kulowetsa supuni. Unanenepa, mzere unakwera, nesi yemwe uja anandiyamikira pagulu. Koma ine sindinadziwe polekezera.

Titabwera kuno uli ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinalakwa kachiwiri. Ndinkadzukira sitima yoyamba kupita kuntchito kwanga kosamalira okalamba cha ku Beaumont, n'kubwera dzuwa litalowa kalekale, iwe uli wekha m'nyumba, kusukulu ana akukuseka kalankhulidwe. Ndikakupeza wakhumata sindinkafunsa kuti chavuta n'chiyani, chifukwa ndinkaopa yankho lake. Ndinkatsegula firiji. Tchipisi, soseji, mabisiketi, zinthu zimene kwathu tinkangozionera m'mawindo a sitolo, kuno zinali zotsika mtengo kuposa masamba. Tikatumiza zithunzi kumudzi azakhali ako ankaimba foni n'kumati, "Tadala wanenepa bwanji, Ulaya wamuyanja." Ine mtima n'kukhala m'malo. Dokotala atanena za shuga uli ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi zokha, mawondo akukukanika pamasitepe a pasiteshoni, ine ndinati azungu amakokomeza, kwathu thupi ngati limeneli amalipempherera.

Sindikukuuza izi kuti undimvere chisoni. Ndikufuna udziwe kuti amake Dalitso ndi munthu ngati ine, chikondi chawo amachiyeza ndi chipande. Ukukumbukira tsiku limene Dalitso anakubweretsa kwawo koyamba, akadali kuno? Amayi ake anakuzungulira, anakugwira mkono, n'kutembenukira kwa ine akumwetulira, akulankhula mmene amalankhulira kwawo ku Chipata. "Uyu ndiye mukazi. Manje uyu bamamudyesa bwino kunyumba kwao." Ine ndinanyada mpaka m'khosi. Mayi ameneyo sadzakupakulira mwankhanza ayi, adzakupakulira chifukwa sadziwa njira ina yokuuzira kuti walandiridwa.

Kalata ya kuchipatala yokuitanira ku opaleshoni itabwera, utadikira nthawi yaitali ija pamndandanda, iwe unavina m'khitchini muno. Ine ndinatseka chitseko ngati kuti kunja kuli anthu omvetsera, n'kukuuza kuti zisamveke kutchalitchi. Ndinati anthu adzati tikunyoza thupi limene Mulungu anatipatsa, ena adzati ndi ulesi, mwana wa uje walephera kutseka pakamwa mpaka akamudule. Tinagwirizana kuti tiziti akukuchotsa timiyala ta mu ndulu. Abambo ako anapukusa mutu n'kunena kuti, "Amake Tadala, bodza limeneli mudzalidyetsa chiyani likakula?" Ndinawayankha kuti za akazi azisiyire akazi. Lero ndikuwapepesa kudzera mwa iwe, chifukwa pamaso pawo sindingathe, angakule mutu.

Tsopano za diresi lofiira. Ine ndinkaganiza kuti opaleshoni ndi ngati kupita kwa telala, ulowa wamkulu, utuluka atakubweza. Usanagonekedwe n'komwe ndinakagula diresi laling'ono lofiira, n'kulipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwako kuti lizikulimbikitsa. Unatuluka m'chipatala thupi lili lomwe lija, kungowonjezerapo mabala ndi ululu. Milungu yoyamba unkangomwa zamadzimadzi ndi supuni yaing'ono, kenako zopota ngati za khanda. Mwezi wachinayi tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. Khungu la m'mikono linalendewera, ndipo unasiya kuvala malaya a manja aafupi. Mwezi wachisanu sikelo inaima milungu itatu osasuntha, iwe n'kumaikwera katatu patsiku, ukatsika n'kuyang'ana diresi lija. Ndinakumva ukulira m'bafa, ndipo ndinadziwa kuti chikukuliza si sikelo yokha.

Mayi uja wa zakadyedwe kuchipatala, wamtali wa imvi uja, anali atatiuza kale zonsezi, koma ine ndinkangomva zimene ndinkafuna. Anati thupi limatsika mothamanga poyamba, kenako limayenda pang'onopang'ono, kenako limaima pamene lafuna kuima, ndipo pakapita zaka pang'ono lina limabwererako. Anati zimenezo si kulephera. Ndiye tamvera, mwananga. Diresi lija ndalichotsa, ndinakalipereka kusitolo ya zachifundo ya pamsewu waukulu Loweruka lapitali. Mwina silikanadzakukwana mpaka kalekale, ndipo palibe cholakwika. Ukamakasoketsa diresi la ukwati, telala ayeze thupi limene uli nalo tsiku limenelo, osati limene ukulilota. Ukafuna kudziwa ngati opaleshoni inagwira ntchito, usafunse sikelo yokha. Kumbukira Lamlungu lija unakwera masitepe a pasiteshoni ukulankhula pafoni, n'kufika pamwamba osadziwa kuti wakwera, ine ndikubwera m'mbuyo ndikupumira m'mwamba. Kumbukiranso tsiku limene dokotala anakuchepetsera mankhwala a shuga.

Bodza lathu la ndulu linakula monga ananenera abambo ako. Anthu anayamba kukuona. Iwe unakulira kuno, mwina sumvetsa kulemera kwa mawu akuti "waonda" pakati pathu. Ife tinaika anthu ambiri m'manda zaka zija, amalume ako mmodzi mwa iwo, ndipo onse ankayamba chimodzimodzi: thupi kutha mofulumira, tsitsi kuthothoka, chakudya kukanika. Munthu wa kwathu akaona zimenezo safunsa, amangodziwa, ngakhale zimene akudziwazo zili zabodza. Lamlungu lina titatuluka Misa, anaPhiri, mnzanga wa m'kwaya uja, anandikokera pambali pafupi ndi pomwe timamwera tiyi. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mayi, masiku ano mankhwala alipo, si nkhani ya manyazi ayi. Mwanayu mwapita naye kokayezetsa?" Ananena mwachikondi chenicheni, maso ali ndi misozi. Pamenepo ndi pamene ndikananena zoona, koma ndinangoseka n'kunena kuti Tadala ali bwino, amadya ngati wina aliyense, mudzaona nokha.

Anadzaonadi, pa ubatizo wa mdzukulu wawo ku Santry. Nkhaniyi ukuidziwa kuposa ine, koma sunaimvepo kuchokera mbali yanga, ndiye undipirire. M'nyumba muja munali anthu thithithi, Amalawi ndi a ku Zambia, ena atakhala pansi, mbale zili pamiyendo. Iwe unatenga kanthuli ka nkhuku ndi supuni ya nyemba, n'kumadya pang'onopang'ono monga anakuphunzitsira, kenako n'kuika foloko pansi. AnaPhiri anabwera ndi poto.

"Onjezera, mwanawe."

"Ndakhuta, zikomo," unatero, m'Chichewa chako chabwino, utapinda mawondo pang'ono.

Apa ndi pamene pali nkhani yonse ya kalata ino, Tadala. Kwathu mawu akuti "ndakhuta" sitiwakhulupirira. Mlendo akanena koyamba timati ndi ulemu, akanena kachiwiri timati ndi manyazi, akanena kachitatu ndi pamene timayamba kukambirana naye zoti angolawako kachidutswa aka kokha. Mlendo nayenso amadziwa, amasiyiratu malo m'mimba kuti akakakamizidwa avomere. Ndi masewera amene tonse tinabadwiramo. Koma "ndakhuta" wako tsiku limenelo sanali wa masewera. Anali woona ngati kunena kuti botolo ladzaza.

Ndinaona amayi atatu akuyang'ana mbale yako, kenako akuyang'anizana. Sindidziwa chinandilowa. Ndinatenga mbaleyo m'manja mwako ine mwini, ndinaikamo mpunga, nyama ya ng'ombe, ndi theka la mtanda wa nsima, n'kukutsegulira botolo la chakumwa cha gasi. Ndinakunong'oneza kuti, "Idya, anthu akutiyang'ana."

Unandiyankha motsitsa mawu, "Mum, please, I'm full. Ndakhuta."

Ndinati, "Usandichititse manyazi."

Unandiyang'ana kanthawi, unanenanso kachitatu, ine n'kuyang'ana kumbali. Ndiye unadya. Nsima unaimeza osatafuna, monga ndinakuphunzitsira uli mwana, poti kwathu wotafuna nsima amasekedwa. Unatsitsira ndi chakumwa chija. Posakhalitsa ndinakupeza m'bafa mwa eni ake utagwada pansi, thukuta lili kamukamu, wagwira pachifuwa, ukusanza kosalekeza. Abambo ako anakunyamula kukakulowetsa m'galimoto, n'kuthamanga nawe kuchipatala. Unagona masiku awiri uli pa diripi.

Tsiku lachiwiri mayi wa zakadyedwe uja anabwera kudzakuona, ine nditakhala pampando pambali pa bedi. Sanakalipe. Anandifunsa mofatsa ngati iwe sunanene kuti wakhuta. Ndinati unanena. Anafunsa kuti kangati. Ndinati katatu. Kenako ndinayamba kumufotokozera kuti kwathu mawuwa amatanthauza zina, kuti mlendo amakana kaye, kuti mwini nyumba amayenera kukakamiza, ndipo ndili pakati pofotokoza ndinadzimva ndekha zimene ndikunena. Kuntchito kwanga kuli gogo wina wa kuno amene sathanso kulankhula. Ndimamudyetsa ndi supuni tsiku lililonse. Akangotseka milomo n'kutembenuzira mutu kuwindo, ine ndimaika supuni pansi, ndipo atsikana atsopano ndimawaphunzitsa ndine kuti munthu akakana wakana. Gogo wosalankhula ndinkamumva. Mwana wanga, amene anandiuza m'zilankhulo ziwiri, sindinamumve. Ndinatuluka m'chipindamo n'kukaima pakhonde mpaka nkhope itauma.

Ndipo taona kupusa kwake: ndinakudyetsa kuti anthu asati ukudwala, mapeto ake anakuona ukunyamulidwa kupita kuchipatala. Mphekesera zinachita kumera mapiko. Utatuluka unandilola kuti ndikawauze anaPhiri zoona. Ndinapita, ndinafotokoza zonse kuyambira pa ndulu yabodza ija. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. "Basi? Zomwezi? Mayi inu, ife tinali titayamba kale mapemphero a novena." Kenako analira, nanenso ndinalira. Palibe anati tanyoza Mulungu, palibe anati ulesi, kapena ngati alipo ananenera kwawo ine sindinamve. Lero ndani amakutchinjiriza pamaphwando? Si anaPhiri omwewo, amene amaima pakati pa iwe ndi poto n'kumauza anthu kuti uyu akati wakhuta musamuvute?

Ndikudziwa chimene ukuopa kwa amake Dalitso, unandiuza tikupukuta mbale tsiku lija. Ukuopa kuti adzati mwana wawo akukwatira mkazi wodulidwa m'mimba, wosadya, mwina wosabereka. Mantha amenewo si opusa. Koma taganiza mbali inayo. Ukabisa, adzakuona woonda, tsitsi lopyapyala, ukumwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ukutafuna kanthuli kamodzi mpaka tiyi kuzizira. Ndi mayi wa ku Chipata amene anaikanso abale ake m'manda zaka zomwe zija. Ukuganiza kuti adzaganiza chiyani? Ndipo iwe, pofuna kuzimitsa maganizo amenewo, udzachita wekha zimene ndinakuchititsa ine ku Santry, osati tsiku limodzi koma katatu patsiku, kudziko kumene abambo ako kulibe oti akunyamule.

Ndiye uwauze, Tadala, ndipo uwauze asanakupakulire. Ine sindinawaimbire foni ngakhale chala chandiyabwa kangapo, chifukwa mimba ndi yako ndipo nkhani ndi yako. Ndege ikaima panjira paja, umuimbire Dalitso umumasule pa lumbiro lake, awakonzeretu. Ukafika kunyumba adzakhala ataphika kale nkhuku ya mlendo, zimenezo n'zosapeweka. Upereke moni bwinobwino, ugwade, kenako unene kuti, "Amayi, ndili ndi mawu musanandipakulire." Uwauze kuti madokotala anachepetsa chifu chako chifukwa cha shuga ndi mawondo, kuti sukudwala, kuti chakudya chawo udzachilawa chonse koma pang'onopang'ono. Ndipo uwauze momveka kuti iwe ukati ndakhuta, wakhuta koyamba komweko. Ubwereze mawu amenewa kawiri, chifukwa makutu athu sanawazolowere.

Mwina adzakhumudwa. Mwina adzakhala masiku angapo akukuyang'ana m'mbali, akuusa moyo akamachotsa mbale. Uwapirire, ine zinanditengera bedi la kuchipatala kuti ndimvetse. Ulemu uwapatse wonse: udzuke m'mawa, usese, uwaphikire, uwayamikire ndiwo zawo mokweza, upemphe akuphunzitse mmene amatendera chibwabwa, chimene ife timati nkhwani. Ulemu uupereke ndi mawondo, ndi manja, ndi pakamwa, koma osati ndi mimba. Ndipo apa ndi pamene udzamuone Dalitso kuti ndi mwamuna wotani. Ngati amayi ake atanyamula chipande iye n'kuyang'ana kumbali monga ndinachitira ine, undiimbire, ndili naye mawu.

Za kubereka uwauzenso zoona. Madokotala sanati sudzabereka, anati mudikire kaye thupi likhazikike, ndipo adzakuuzani okha nthawi ikakwana. Ukwati ukangotha anthu adzayamba kukuyang'ana pamimba n'kumawerenga miyezi pa zala. Asiye awerenge, zala ndi zawo.

Tsopano tizinthu tating'ono timene ukutidziwa kale, koma mayi salephera kubwereza. Kwathu ndiwo zimaperekeza nsima, kwa iwe nsima ndiyo iziperekeza ndiwo. Uyambe ndi nsomba, dzira, nkhuku kapena nyemba, kenako masamba, ndipo malo akatsala ndiye kambamu kamodzi. Kambamu kameneko ukatafune, akuseke amene akufuna kuseka. Madzi usamwere pachakudya, udikire kaye monga anakuuzira, koma tsiku lonse uziyenda ndi botolo n'kumamwa pang'onopang'ono, poti akuti kumeneko dzuwa lake silichita masewera. Zakumwa za gasi uzisiyiretu. Tiyi wa m'nyumba ya amake Dalitso ndikumudziwa, supuni imaima yokha ndi shuga, ndiye uzidzithirira wekha. Paukwati wako anthu adzakumwetsa vinyo ndi kukudyetsa keke pamaso pa makamera, ulume kachidutswa, umwetulire, zotsalazo adye mkwati.

Mavitamini usawasiye ngakhale tsiku limodzi, ndi a moyo wako wonse, ndipo jakisoni wa mavitamini amene anakulembera uja usamudumphe. Apanso ndili ndi mbiri yanga yochititsa manyazi. Chaka chathachi nditaona kuti mutu wasiya kundipweteka, ndinasiya mapiritsi anga a kuthamanga kwa magazi osauza munthu, ndinati ndachira. Patatha milungu ingapo ndinachita chizungulire pasiteshoni, ndinakhala pansi pakonkire yonyowa, chikwama uko, nsapato uko, anthu opita kuntchito atandizungulira n'kumandifunsa dzina. Ndinakuuzani kuti ndinaterereka. Munthu akamamva bwino ndi pamene amaganiza kuti mankhwala alibe ntchito, chonsecho akumva bwino chifukwa cha mankhwalawo. Kalata ya kuchipatala yofotokoza opaleshoni yako ndaiika m'thumba lakutsogolo la sutikesi yaing'ono. Mlungu woyamba womwewo upeze dokotala umuonetse, usadikire kudwala, ndipo mankhwala opha ululu usamangogula osafunsa.

Chinthu china, ndipo ichi ndi chimene ndikuchiopa kuposa chipande cha apongozi. Kumeneko udzasungulumwa. Dalitso adzakhala kuntchito, iwe ukudikira mayankho a makalata ofunsira ntchito, mnzako woti ucheze naye palibe. Mabisiketi, chokoleti ndi ayisikilimu zimasungunuka m'kamwa, zimadutsa pachifu chaching'ono popanda kugogoda, ndipo munthu ukhoza kutolatola tsiku lonse osamva kukhuta. Njira imeneyo ndinakuphunzitsa ndine uli ndi zaka khumi ndi ziwiri. Dokotala anadula chifu, koma kumene kumakhala kusungulumwa mpeni wake sunafike. Ukadzapezeka waima patsogolo pa kabati osadziwa chimene wadzatenga, utseke, unditumizire uthenga, kaya kuno kukhale nthawi yanji. Ulendo uno ndidzafunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo ndidzadikira yankho. Ukadzalakwitsa tsiku lina n'kudya zosayenera, usadzitukwane, mawa lake uyambirenso ndi dzira lako.

Ndikuuze zimene ndachita m'mawa uno iwe ukusamba, useke. Ndadzuka, manja n'kuyamba okha ntchito. Ndakazinga nkhuku yathunthu, ndakazinga mandasi odzaza beseni, ndakazinga mtedza, chifukwa mwana sapita ulendo wopanda kamba. Fungo unalimva, unangondiyang'ana n'kutuluka. Abambo ako atalowa m'khitchini anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Amake Tadala, zonsezi adye ndani? Komanso kumeneko akuti salola ngakhale mtedza umodzi kudutsa pabwalo la ndege." Ndinayang'ana beseni, ndinayang'ana iwo, ndinakhala pampando n'kuseka mpaka kusekako kunasanduka zina. Waona kuti matendawa sachoka msanga. Mandasi atenga abambo ako kuti akagawire anzawo osaka ntchito aja, nkhuku tidya ife mlungu wonse.

M'malo mwa kamba ndakuikira chinthu china. Pansi pa sutikesi yaing'ono pali chitenje changa chobiriwira, ndipo m'kati mwake ndakulungamo sosala yako ija ya mzere wabuluu, imene wakhala ukudyera miyezi yonseyi. Miyezi yoyamba ndinkadana nayo, ndinkaibisa kukabwera alendo. Tsopano ndikuti uitulutse tsiku loyamba, uiike patebulo la amake Dalitso pamaso pa aliyense, uwauze kuti amayi anga ndi amene andipatsa. Akafuna kukangana nayo, akangane ndi ine.

Chomaliza, mwananga. Pamene unanena koyamba kuti kuno palibenso amene akumanga nyumba, mapulani amene unaphunzira kujambula akungodya fumbi, ukupita kwa Dalitso, ine ndinati khalako chaka china, zinthu zisintha. Unanenanso pa Khirisimasi, ine n'kuti dikira chilimwe. Unanena kachitatu tikiti ili m'manja. Sabata ino ndi pamene ndazindikira kuti apanso ndinali nditanyamula poto, ndikukuonjezera zimene sunapemphe.

Mawa m'mawa ndidzakuphikira dzira limodzi. Ukadzaika supuni pansi n'kunena kuti wakhuta, ndidzachotsa mbale koyamba komweko, ndipo kubwalo la ndege sindidzati khalako pang'ono. Ineyo sindinakhute kukhala nawe, Tadala, ndipo sindidzakhuta. Koma iwe wanena, ndipo ulendo uno ndamva.

Uyende ndi Mulungu, ukafika undiuze kuti sosala yafika yosasweka.

Ndine mayi wako,
amene ndikuphunzirabe kuika supuni pansi.